Ngongole ya Galimoto kwa Munthu Wosadziwika ku Banki

Chaka chilichonse thonje likatha kugulidwa kuno ku Etatara, ndiponso fodya akatha kugulidwa ku Mandimba ndi ku Ngauma, alimi ena amatsala ndi kangachepe m'thumba. Ena mwa iwo amayamba kuganiza zogula galimoto. Sitingawadzudzule. Tonse tikudziwa kuwawa kwa kukankha matumba a nandolo pa njinga yakapalasa kuchokera kumudzi mpaka ku Cuamba. Tikudziwanso za mayi wodwala pakati amene matenda amuyamba usiku, chipatala chili kutali, m'mudzi monse mulibe choyendera. Munthu amene ali ndi kagalimoto konyamula katundu, kapena njinga yamoto, amadzithandiza yekha ndiponso amapeza ndalama ponyamula anzake.

Koma ndalama za chaka chimodzi sizikwana kugula galimoto. Tsono mlimi amavala malaya ake a pa Sabata napita ku banki ku Cuamba kukapempha ngongole. Kumeneko kalaliki amamufunsa mafunso awiri. "Bambo, kodi mudatengapo ngongole ku banki ina iliyonse?" Mlimi amayankha monyadira kuti iyayi, chibadwire sadakongolepo. "Nanga alipo munthu wolandira malipiro a pamwezi amene angakuimireni?" Apanso yankho ndi iyayi. Mlimi amabwerera kumudzi chimanjamanja, akudandaula m'njira monse kuti banki ndi ya anthu ovala mataye okha.

Tiyeni tione chifukwa chake kalaliki amafunsa mafunso awiri amenewa, ndi zimene munthu wa kumudzi angachite ngati pa mafunso onse awiri yankho lake lili iyayi.

Banki imafuna kudziwa chiyani?

Ndalama zimene banki imakongoza si zake ayi. Ndi za anthu ena amene adasungitsa kumeneko, ndipo tsiku lililonse eni ake angathe kubwera kudzazifuna. Nchifukwa chake banki imachita mantha ndi munthu amene siyimudziwa.

Ifenso kumudzi timachita chimodzimodzi. Mnansi akabwera m'mwezi wa Januwale kudzapempha ndowa ya chimanga kuti adzabweze pokolola, sitimufunsa kalata. Timamudziwa. Munda wake timauona tsiku ndi tsiku. Timakumbukira kuti chaka chatha adabwereka khasu nabweza lili bwino. Koma mlendo amene watsika sitima dzulo akapempha ndowa yomweyo, timayamba takanda m'mutu. Ku banki mlendo uja ndi inu. Mungakhale munthu wolemekezeka m'mudzi mwanu, nduna ya amfumu kapena mkulu wa mpingo, koma kalaliki saona zimenezo. Iye amaona zimene zalembedwa.

Zolembedwazo zili kuti? Banki yaikulu ya dziko lino, Banco de Moçambique, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1975, imasunga kaundula wa ngongole wotchedwa Central de Registos de Crédito. Mabanki amatumiza kumeneko maina a anthu amene adawakongoza, kuchuluka kwa ngongole zawo, ndiponso ngati akubweza bwino kapena ayi. M'chaka cha 2015 padatulukanso lamulo lolola makampani apadera kusunga akaundula otere. Munthu akapempha ngongole, banki imayamba yafufuza dzina lake m'kaundula. Wobweza bwino amapezeka. Wothawa ngongole amapezekanso, ndipo banki ina iliyonse imaona. Koma amene sadakongolepo sapezeka konse. Tsamba lake ndi loyera. Kwa ife tsamba loyera ndi ulemu, koma kwa banki tsamba loyera silinena kanthu.

Pamene tsamba silinena kanthu, banki imafuna munthu wina woti aime m'malo mwake. Pa mapepala a Chipwitikizi munthu ameneyu amalembedwa kuti fiador kapena avalista. Liphunzireni bwino liwu limeneli, chifukwa lasaukitsa anthu ambiri. Fiador si mboni ayi. Mboni, imene amailemba kuti testemunha, imangovomereza kuti idaona anthu akupangana. Fiador amalonjeza kuti wokongolayo akalephera, iye ndiye adzalipira ngongole yonse ndi chiwongoladzanja chomwe. Choncho mlamu wanu wa uphunzitsi akakana kukuimirani, musamuyese wankhanza. Akuteteza ufa wa ana ake. Ndipo inunso wina akadzakuuzani kuti, "Achimwene, ingodindani chala apa, ndi umboni chabe," yambani mwafunafuna liwu lija pa pepalapo.

Ena amafunsa kuti, "Nanga bwanji osapereka munda wanga ngati chikole?" M'dziko la Mozambique nthaka yonse ndi ya Boma. Malamulo aakulu a dziko amatero, ndipo lamulo la nthaka la 1997 lidabwerezanso kuti nthaka siigulitsidwa ndipo siiperekedwa chikole. Chikalata cha DUAT chimakupatsani mphamvu yolima ndi kukhala pamalopo, koma banki singalandire nthakayo kuti idzaigulitse mukalephera. Lamuloli limatitsekera khomo limodzi, komabe ndi lomwelo limene limateteza munda wa banja kuti usapite ndi ngongole ya munthu mmodzi.

Aphunzitsi, anamwino ndi apolisi savutika chotere. Malipiro awo amadzera ku banki mwezi ndi mwezi, ndipo okongoza amadula zawo ndalamazo zisadafike m'manja mwa mwini wake. Mlimi alibe malipiro a pamwezi. Ayenera kudzipangira yekha njira ina yodziwikira.

Kuyamba mbiri yanu

Choyamba ndi mapepala a inu mwini. Mufunika chitupa chokuzindikiritsani, chimene tonse timachitcha BI, ndi nambala ya msonkho yotchedwa NUIT, imene imaperekedwa ndi Autoridade Tributária. Popanda ziwirizi nkhani ya ngongole ya galimoto siyambika. Onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa mofanana pa mapepala onse. Chilembo chimodzi chosiyana chingathe kukubwezani ulendo wa tsiku lathunthu.

Chachiwiri ndi kutsekula akaunti. Kale mabanki adali m'matauni akuluakulu okha. M'chaka cha 2016 Boma lidayambitsa ntchito yotchedwa Um Distrito, Um Banco, yofuna kuti boma lililonse laling'ono likhale ndi banki yake. Akaunti si ya anthu olemera okha. Ntchito yake yaikulu kwa inu ndi iyi: imalemba. Mukagulitsa thonje, musathamangire kukwirira ndalama zonse m'chitini pansi pa bedi. Kaziikeni ku akaunti, ngakhale mudziwa kuti mudzazitapanso mwezi wamawa kugulira feteleza. Ndalama imene yadzera ku banki imasiya phazi. Imene yadzera m'chitini siisiya kanthu, ndipo nthawi zina chiswe chimayamba ndicho kuilawa. Pakatha zaka ziwiri, kalaliki akatsekula buku lanu adzaona yekha kuti chaka ndi chaka m'miyezi yokolola mumalowetsa ndalama zakutizakuti. Umenewo ndi umboni woposa mawu anu.

Amene ali kutali ndi banki angayambe ndi ndalama za pa foni. mKesh idayamba m'chaka cha 2011, M-Pesa m'chaka cha 2013, ndipo pambuyo pake kudabwera e-Mola. Nazonso zimalemba ndalama zolowa ndi zotuluka. Koma nambala ya foniyo ikhale yolembetsedwa m'dzina lanu, osati la mwana wanu kapena la mphwanu, chifukwa mbiri imapita kwa mwini dzina.

Pali mbiri inanso imene alimi ambiri ali nayo kale koma saidziwa. Amene amalima thonje ndi kampani ya SAN ya ku Cuamba, kapena fodya ndi Mozambique Leaf Tobacco, amalandira zipangizo za ulimi pa ngongole, ndipo kampani imadula ndalama zake pa tsiku logula. Imeneyo ndi ngongole ndithu. Ngati mwakhala mukuibweza chaka ndi chaka, mapepala ogulitsira aja ndi chuma. Musapichirire fodya, musayatsire moto. Asungeni m'pepala la pulasitiki pamalo pouma, mowasanja chaka ndi chaka. Si kalaliki aliyense amene adzawawerengera, koma munthu wofika ndi mapepala a zaka zisanu amamvedwa mosiyana ndi wofika ndi pakamwa pokha. Apa tinenenso mosabisa: mlimi amene amatenga zipangizo ku kampani nakagulitsa mbewu zake kwa vendala usiku amapeza ndalama za tsiku limodzi, koma amang'amba tsamba lokhalo limene likadamuchitira umboni.

Chotsatira ndi ngongole yaing'ono. Munthu sayamba ndi kusenza mtolo waukulu. Tengani ngongole yochepa ku banki kapena ku bungwe lokongoza lovomerezeka, yoti mungathe kuibweza ngakhale mvula itavuta. Bwezani tsiku lisadakwane. Mukatero tsamba loyera lija layamba kulembedwa, ndipo mzere woyamba ndi wabwino.

Tikumbukire zimene zidachitika ndi ndalama zija anthu adazitcha sete milhões, zimene zidayamba kuperekedwa m'maboma ang'onoang'ono m'chaka cha 2006, pa nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza. Zidali ngongole zoti wina akabweza, mnzake akongolenso. Ambiri adaziyesa mphatso ndipo sadabweze. Chotsatira chake nchakuti amene adali pambuyo pa mzere sadapeze kanthu, ndipo mbiri yoti munthu wa kumudzi sabweza ngongole idakula. Mbiri imeneyi si yoona kwa alimi onse, koma tonse timailipira tikafika pa windo la banki.

Gulu m'malo mwa wokuimirani

Mutu umodzi susenza denga. Pamene palibe munthu mmodzi wa malipiro woti akuimireni, anthu khumi osauka angathe kuimirana okhaokha.

Njira yakale ndi xitique, imene anzathu a ku Malawi amaitcha chipereganyu. Anthu amasonkha ndalama zofanana, ndipo mwezi uliwonse mmodzi amatenga zonse. Tiyerekeze kuti anthu 10 akusonkha 2,000 meticais aliyense pamwezi. Wolandira amatenga 20,000 meticais nthawi imodzi, popanda chiwongoladzanja. Vuto la xitique ndi lodziwika: amene walandira poyamba nthawi zina amayamba kudwaladwala tsiku losonkha likafika.

Njira ina ndi magulu osunga ndi kubwereketsana, amene kuno amatchedwa PCR, ndipo ku Malawi amati banki mkhonde. Magulu a mtundu umenewu adayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger m'chaka cha 1991, ndipo adafalikira m'maiko ambiri a mu Africa. Mamembala amasunga ndalama m'bokosi lokhala ndi maloko angapo, makiyi ake ali kwa anthu osiyana. Amabwereketsana pa chiwongoladzanja chimene agwirizana okha, ndipo pakutha pa chaka amagawana zonse pamodzi ndi phindu. Chiwongoladzanja chimene mwalipira sichipita kutali, chimabwerera m'gulu momwemo.

Tisanamizane, bokosi la gulu silingagule lole. Koma lingathe kukufikitsani pa njinga yamoto, kapena kukupatsani ndalama zoyambira zimene banki idzafuna. Ndiponso buku la gulu, ngati mlembi amalemba mosamala, ndi umboni wina woti mumadziwa kubweza.

Galimoto yomweyo ikhale chikole

Tsono tifike pa njira imene imathandiza kwambiri munthu wopanda womuimira. Banki ikaopa kuti ndalama zake zidzatayika, mantha ake amachepa ngati pali chinthu choti idzagwire. Chinthucho chingathe kukhala galimoto yomweyo.

Mabanki ali ndi pangano lotchedwa leasing, pa Chipwitikizi locação financeira. Banki imagula galimoto, nikhala mwini wake. Inu mumaiyendetsa ndi kulipira mwezi ndi mwezi. Mukamaliza kulipira, ndi kuperekanso kandalama kotsiriza kamene kadalembedwa m'pangano, galimoto imasanduka yanu. Mukalephera panjira, banki imatenga galimoto yake, ndipo zimene mudalipira kale sizibwerera. Mvetsani bwino pamenepa. Galimoto imene ili pakhomo panu, imene ana anu akuitsuka m'mawa uliwonse, si yanu kufikira tsiku lomaliza. Simungaigulitse, simungaipereke chikole kwa wina.

M'chaka cha 2018 padatuluka lamulo nambala 19/2018 lonena za chikole cha katundu wosunthika. Lamuloli limalola kuti zinthu monga ziweto, makina, ndi zokolola ziperekedwe chikole, ndipo lidakhazikitsa kaundula wolembamo zikole zotere kuti munthu asapereke ng'ombe imodzi kwa okongoza awiri. Mlimi amene ali ndi chigayo kapena ng'ombe tsopano ali ndi poyambira kukambirana. Koma lamulo limangolola, silikakamiza banki kulandira. Ndipo musanapereke chigayo chimene chimadyetsa banja, khalani pansi ndi akazi anu kapena amuna anu. Chikole cha banja sichiperekedwa ndi munthu mmodzi mobisa.

Pa njira zonsezi wokongoza amafuna kuti inu muyambe mwaikapo zanu. Pa mapepala ndalama zoyambirazi amazitcha entrada. Mukaika zambiri, ngongole imachepa, chiwongoladzanja chimachepa, ndipo banki imaona kuti nanunso muli ndi chotaya. Kwa munthu wopanda mbiri ndi wopanda womuimira, ndalama zoyambira ndizo zimamulankhulira. Nchifukwa chake tikuti kudikira zokolola ziwiri kapena zitatu mukusunga sikutaya nthawi.

Tiyeni tiwerengere

Tengani pensulo ndi pepala. Mitengo imene tilembe pano ndi yongoyerekeza kuti tiphunzirire. Mitengo yeniyeni mukaifunse kwa ogulitsa.

Tiyerekeze kuti njinga yamoto ikugulidwa 60,000 meticais. Inu mwasunga 20,000. Mukongola 40,000 kuti mubweze m'miyezi 12. Okongoza awiri akukuuzani mawu ofanana: "Chiwongoladzanja chathu ndi 2 pa 100 iliyonse pamwezi."

Woyamba amawerengera chiwongoladzanja pa ngongole imene yatsala. Mwezi uliwonse mukabweza, ngongole imachepa, ndipo chiwongoladzanja chimachepanso. Kwa ameneyu mudzalipira pafupifupi 3,780 pamwezi. Pakutha pa chaka mwapereka pafupifupi 45,400.

Wachiwiri amawerengera pa 40,000 yonse kuyambira mwezi woyamba mpaka womaliza, ngati kuti simudabwezeko kanthu. 2 pa 100 ya 40,000 ndi 800. Miyezi 12 ndi 9,600. Pamodzi mwapereka 49,600.

Mwaona? Mawu ndi amodzi, koma wachiwiri wakudyerani pafupifupi 4,200 kuposa woyamba. Choncho musafunse funso lakuti "Chiwongoladzanja ndi chotani?" lokha. Funsani kuti, "Ndikamaliza kulipira, ndidzakhala nditapereka zingati zonse pamodzi?" Auzeni alembe nambalayo papepala, pamodzi ndi ndalama zina zonse zimene amadula potsekula ngongole. Funsaninso ngati chiwerengero chimene akutchulacho ndi cha pamwezi kapena cha pachaka. 5 pa 100 pamwezi imamveka yaing'ono kuposa 24 pa 100 pachaka, koma miyezi 12 ya 5 ndi 60.

Funso lina ndi lakuti kodi chiwongoladzanjacho chidzakhala chomwecho mpaka mapeto, kapena chidzasintha. Ngongole zambiri za ku banki zimatsata chiwerengero chotchedwa prime rate, chimene chimalengezedwa mwezi ndi mwezi. M'chaka cha 2023 chiwerengerochi chidapitirira 23 pa 100 pachaka, ndipo m'chaka cha 2024 chidayamba kutsika. Chikakwera, ndalama zanu za pamwezi zimakweranso, ngakhale inu simudalakwe kanthu.

Tsopano tiyerekeze kagalimoto konyamula katundu ka 600,000 meticais. Mwaikapo 150,000 zanu. Ngongole ndi 450,000, yobweza m'miyezi 36, pa 2 pa 100 pamwezi mwa njira yoyamba ija. Mudzalipira pafupifupi 17,650 mwezi uliwonse kwa zaka zitatu. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 635,600. Ndiye kuti chiwongoladzanja chokha chapitirira 185,000, ndalama zokwana kugula njinga zamoto zitatu za mtengo tidayerekeza uja.

Kawirikawiri mabanki safuna kuti ndalama zobweza pamwezi zipitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene munthu amapeza. Mwa chiwerengero chimenechi, wobweza 17,650 ayenera kukhala wopeza pafupifupi 53,000 pamwezi. Dzifunseni nokha moona mtima ngati muli pamenepo.

Walira mvula walira matope

Ndalama za ku banki si zokhazo. Galimoto imamwa dizilo kapena petulo. Imafuna oilo, matayala, mabuleki ndi makaniko. Lamulo limafuna inshuwalansi yolipirira anthu ena mukawachita ngozi, ndipo banki ikakhala mwini galimoto imafunanso inshuwalansi yaikulu yoteteza galimotoyo. Pali msonkho wa chaka ndi chaka. Wonyamula anthu kapena katundu wa malonda afunika chilolezo. Ngati simudziwa kuyendetsa, mudzalemba dalaivala, ndipo dalaivala amadya tsiku lililonse, kaya galimoto yayenda kaya yagona.

Chovuta koposa kwa mlimi ndi kalendala. Banki imawerenga miyezi 12 yofanana. Munda suwerenga choncho. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala katundu ndi wambiri: fodya, thonje, soya, chitowe, nandolo. Galimoto siigona. Koma m'Januwale ndi m'Febuluwale anthu alibe ndalama, misewu ya kumidzi yasanduka phala, timilatho takokoloka, ndipo galimoto imakhala pansi pa mtengo wa mango sabata zathunthu. Banki ikufunabe 17,650 yake. Amene amakhala m'mbali mwa msewu waukulu wa N13, wochokera ku Nampula kudzera ku Cuamba ndi Mandimba kupita ku Lichinga, angapezeko katundu chaka chonse. Amene ali m'kati mwa midzi ayenera kupatula ndalama za miyezi ya dzinja pa nthawi ya malimwe, asanagule china chilichonse. Pemphaninso wokongoza ngati angalole kuti muzibweza zambiri pokolola ndi zochepa m'dzinja. Akalola, zilembedwe m'pangano. Lonjezo la pakamwa limachoka ndi kalaliki akasamutsidwa.

Ndipo musawerengere mbewu zimene zikadali m'munda pa mtengo wa chaka chatha. M'chaka cha 2017 dziko la India lidachepetsa nandolo wogula kuchokera kunja, ndipo mtengo wa nandolo udagwa koopsa kuno kwathu ndi ku Malawi komwe. Alimi amene adakulitsa minda poona mitengo ya zaka zam'mbuyo adatsala ndi matumba osowa wogula. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Pa zifukwa zimenezi ife tikuona kuti kwa alimi ambiri a kuno njira yanzeru ndi kuyamba ndi njinga yamoto. Imamwa mafuta pang'ono, imadutsa m'tinjira timene galimoto singadutse, amakaniko ake ali paliponse, ndipo ngongole yake imatha m'chaka chimodzi. Mukaibweza bwino, mwapeza zinthu ziwiri: njinga ndi mbiri. Pamene mudzapite kukafunsa za galimoto, funso loyamba la kalaliki lija mudzaliyankha kuti inde.

Akatapila ndi akathyali

Munthu akakanidwa ku banki, pakhomo pomwepo amakumana ndi wina womwetulira. Ameneyu safunsa mbiri, safunsa womuimira. Ndi katapila, amene pa Chipwitikizi amatchedwa agiota. Tiyerekeze kuti akufuna 30 pa 100 pamwezi. Pa 40,000 ija, ndiye 12,000 mwezi uliwonse. Pakatha miyezi inayi mwamupatsa 48,000, koma 40,000 yoyamba ija ikadali chiimire. Ena amasunga BI yanu, kapena khadi lanu la ku banki ndi nambala yake yachinsinsi. Khadi ndi nambala yachinsinsi siziperekedwa kwa munthu aliyense, ngakhale wogwira ntchito ku banki. Ndipo ngakhale mutamubweza katapila mokhulupirika, dzina lanu sililembedwa m'kaundula uja. Mwavutika pachabe.

Aliyense wochita ntchito yokongoza ndalama ayenera kukhala wolembetsedwa ku Banco de Moçambique. Funsani kuti akuonetseni chikalata chake. Chenjeraninso ndi mauthenga a pa foni onena kuti mwapatsidwa ngongole ya galimoto, koma muyambe mwatumiza ndalama zotsekulira. Mukatumiza, nambalayo imazima. Nkhani ya ngongole ikambidwe mu ofesi, masana, pamaso pa munthu amene mungathe kudzamupezanso mawa.

Musasaine kapena kudinda chala tsiku lomwelo. Pemphani pepala la panganolo mupite nalo kunyumba. Mapangano amalembedwa m'Chipwitikizi chovuta, ndipo si chamanyazi kupempha mphunzitsi wa kalasi lathu kapena mwana wa ku sekondale kuti muwerengere limodzi mzere ndi mzere. Pezani malo amene akunena zimene zidzachitike mukachedwa mwezi umodzi, ndi amene akunena ngati mungaloledwe kumaliza ngongole msanga mukakolola bwino. Wokongoza amene akukana kuti pepala lituluke mu ofesi ali ndi chimene akubisa.

Tsiku logula

Galimoto zambiri zimene zimafika kuno ndi zogwirapo kale ntchito kunja. Zimawala, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Aimve injini ili yozizira m'mawa, ayang'ane pansi ngati ikudontha oilo, aone utsi. Ganiziraninso ngati zipangizo za mtundu umenewo zimapezeka ku Cuamba, kapena mudzayenera kudikira kuti zichokere ku Nampula pamene banki ikuwerenga masiku.

Mapepala a galimoto ndi awiri: livrete, imene imafotokoza galimotoyo, ndi título de propriedade, imene imatchula mwini wake. Nambala ya injini ndi nambala ya chitsulo cha pansi zimene zalembedwa pa livrete zifanane ndi zimene zadindidwa pa galimotoyo. Werengani nokha chilembo ndi chilembo, ndi chala. Dzina la pa título lifanane ndi la pa BI ya amene akugulitsa. Ngati akuti galimoto ndi ya achimwene ake amene ali ku Nampula, dikirani achimwenewo abwere. Funsaninso ngati galimotoyo siili kale chikole kwina, chifukwa mungathe kugula ngongole ya munthu wina pamodzi ndi matayala ake.

Ife a m'malire tili ndi chiyeso china. Pakati pa Mandimba ndi Chiponde, kapena pakati pa Entre Lagos ndi Nayuchi, pamadutsa njinga zamoto zotsika mtengo zopanda mapepala a kasitomu. Njinga yotere singalembetsedwe m'dzina lanu, palibe banki ingailandire chikole, ndipo apolisi akaigwira pamsewu mudzapitiriza kubweza ngongole ya chinthu chimene chili m'manja mwawo.

Chiphaso choyendetsera, carta de condução, chimaperekedwa ndi INATRO munthu akaphunzira ndi kukhoza mayeso. Chitengeni galimoto isanafike pakhomo. Woyendetsa wopanda chiphaso akachita ngozi, kampani ya inshuwalansi ingathe kukana kulipira, kapena kudzafuna ndalama zake kwa iye.

Mukadzalipira ndalama zotsiriza, musangogwirana chanza ndi kalaliki nkumapita. Pemphani kalata yonena kuti ngongole yatha, ndipo mupite nayo kukasinthitsa título de propriedade kuti dzina la banki lichoke, lilembedwe lanu. Kalatayo mukaisunge m'pepala la pulasitiki lija, pamodzi ndi mapepala a thonje.